Pamaliro Salima

Padangotero, kale lija nyama zikadagwira makasu, ndipo inu muli nanenu muzivomera chapansipansi.

Padali maiko atatu omwera mtsinje umodzi. Kumtunda kudali kwa a Njovu, pakati padali pa a Njati, ndipo kumunsi kudali kwa tinyama ting'onoting'ono: ntchenzi, nkhanu, mbewa ndi achule. Nduna yowayankhulira a kumunsiwa idali Katumbu, munthu waulemu, wokonda mwambo, komanso wodziwa kusambira.

A Njovu ndi anthu awo adalemera ndi makala. Mauvuni awo ankafuka chilimwe ndi dzinja lomwe, mpaka utsi udasokoneza mvula. Inkachedwa mpaka mbewu kupsera m'nthaka, ndipo ikati ibwere, inkabwera yonse pakamodzi ngati yaputidwa. Kumtunda ankadandaula ludzu. Pakati ankadandaula nthaka yokokoloka. Kumunsi sankapeza mpata wodandaula, ankakhala ali kalikiliki kuvuula ana m'madzi.

Tsono padaitanidwa msonkhano wa maiko onse atatu, ndipo woyendetsa mwambo adali Khwangwala. Iyeyu munda adalibe, khasu sadaligwirepo chibadwire, koma kolala yake idali yoyera mbee, ndipo padalibe msonkhano, ukwati kapena maliro amene adatha iye asadalowetsepo mlomo m'mbale.

"Mafumu anga," adatero Khwangwala, "mtsinje ndi umodzi, vuto ndi limodzi. Tiyeni tichite dima. Tonse tizikagwira ntchito kwa mmodzi, mwini wake azifulula thobwa, tikatha tizipita kwa wina mpaka tizungulire. Kumtunda tikumbe dziwe losunga madzi. Pakati tiunde mizere yogwira nthaka. Kumunsi timange khoma la dothi m'mbali mwa mtsinje."

Kumbuyo, kumene amai ankaphikira nthumwi, kudamveka mawu aang'ono. Adali Ntchenzi, amene nyumba yake idali yoyamba pa gombe pamene mtsinje umakhotera kulowa m'mudzi wa kumunsi.

"Nanga mauvuni aja?"

"Funso labwino, mai," adatero Khwangwala. "A Njovu alonjeza kuti aliganizira."

A Njovu adagwedeza khutu limodzi, ndipo onse adaomba m'manja.

"Tiyambira kuti?" adafunsa Katumbu.

"Madzi amayambira kuti, a nduna?"

"Kumtunda."

"Mwayankha nokha."

Pomwepo Khwangwala adapeka nyimbo ya dimalo. Wotsogolera ankauza womwa kumtunda kuti akumbuke womwa kumunsi, ndipo ovomera ankayankha kuti manja ndi ambiri koma khasu ndi limodzi. Idali nyimbo yothamanga, yoti khasu lizigwa pamene phazi lagunda pansi.

A kumunsi adapita kumtunda onse, ndi makanda kumsana, nakumba dziwe la a Njovu. Ntchenzi adapatsidwa khasu lalitali kumposa iye. Njiri, wantchito wonyamula mpando wa a Njovu, adaliona likumugwetsa, adalitenga osanena kanthu, nadula mpini, n'kumubwezera. Mwana wotsiriza wa Ntchenzi, kamtsikana kotchedwa Kabango, adaikonda nyimbo ija koopsa. Ankaiimba mokweza, mawu ena akuwaphonya, ali pamthunzi wa mpando umene Njiri adamusendezera.

Atatha kumtunda adatsikira pakati, naunda mizere ya a Njati mpaka zikhatho kuchita matuza. Kenaka idafika nthawi ya kumunsi.

A Njovu adaitanira Khwangwala kuseri kwa nkhokwe.

"Iwe, kumunsi kuja n'kwamatope. Thupi langali likatitimira. Komanso ndikachoka nthawi yaitali mauvuni azima."

"Wawa, mupita ndithu," adatero Khwangwala. "Akakuonani, akakuthokozani, akakuimbirani. Koma khasu lanu likabwerako louma."

"Ukatero, nkhokwe iyi ili ndi pobooka kumbuyoku. Sindidzamata."

Kusadache tsiku la dima, kumtunda kudagwa mvula yadzidzidzi. Dziwe lija lidadzaza, eni ake adaopa kuti liphulika, nalitsegula osatumiza uthenga. Madzi adafika kumunsi dzuwa likuwala, napeza mwamuna wa Ntchenzi akudula bango lomangira khoma, n'kumutenga.

Alendo a kumtunda ndi a pakati adatulukira ndi makasu paphewa. Khwangwala adauluka patsogolo, adamva kubuma, adathyola tsamba laliwisi, naliika pakati pa njira monga achitira posonyeza kuti pamudzi pagwa zovuta.

"Takulandirani, mafumu," adatero Katumbu. "Thobwa lilipo, zikhomo za khoma takhoma kale."

"A nduna," adatero Khwangwala motsitsa mawu, "mukufuna mafumu awa alime pamaliro?"

Ntchenzi adatuluka m'nyumba ya siwa atamanga nsalu m'mimba.

"Limani, bambo. Malemu afera khoma lomweli. Akadakondwa."

"Pepani mai, chisoni chakuzunguzani mutu. Pamaliro salima. Khasu lololedwa lero ndi la adzukulu okumba manda basi. Kodi tabwera kudzaswa mwambo wanu, ife alendo?"

Katumbu adawerama. "Ayi, zoona. Mwambo ndi umenewo."

Makasu adatsamiritsidwa pamtengo. Alendo adakhala pansi, nkhope zili zachisoni kwambiri. A Njovu adapereka lichero la ufa ngati chipepeso, ndipo Khwangwala adalilengeza mobwerezabwereza kuti ngakhale ogontha amve. Ufa womwewo udaphikidwira alendo omwewo, ndipo utachepa, amai a kumunsi adaonjezera wawo. Kenaka Khwangwala adayambitsa nyimbo ya dima ija, koma adaikoka, adaigonetsa, mpaka idasanduka ya maliro. Mawu adali omwe aja, a womwa kumtunda ndi womwa kumunsi, ndipo a Njati adagwetsa misozi yeniyeni.

"Maliro n'kulirana," adatero Khwangwala potsazika. "Mukameta mutiuze. Tidzabwera ndi mphamvu zonse."

Alendo atapita, Ntchenzi adavundukula mbale ina kukhonde napeza ndiwo zosakhudzidwa. Idali mbale ya Njiri. Adazigawira ana.

Nthawi yometa idakwana, anamfedwa adametedwa, ndipo Katumbu adatumizanso uthenga. Ulendo uno pamudzi padalibe wodwala ngakhale mmodzi. Amai adagulitsa nkhuku zawo kuti afulule thobwa lina.

Alendo adafika. Khwangwala adatera pamtengo, natchera khutu. Zii. Adazungulira mudzi ali m'mwamba, adasuzumira m'makhonde, adafunsa agogo ngati akumva bwino m'thupi. Onse adali bwino. A Njovu adamuyang'ana ndi diso la m'mbali. Anyamata a kumtunda adali atayamba kulavulira m'manja kuti agwire mipini.

Khwangwala adatsikira kudzala, nabwerako atanyamula chigoba cha nkhono chouma, choyera ndi dzuwa.

"Imani kaye," adatero. "Awa ndi ndani?"

"Ndi chigoba," adatero Katumbu.

"Cha ndani?"

"Mwina cha a Nkhono, ankakhala kuseri kwa nthochi uko. Madzi a chaka chatha ndiwo..."

"Mudawalira?"

A kumunsi adayang'anizana.

"Mudawaika?"

Katumbu adakanda kumutu.

"Ndiye kuti kuno maliro mumachita kusankha? Wokhala ndi abale mumulira, wopanda abale mumutaya kudzala? Mafumu anga, ine ndachita manyazi m'malo mwa anthu awa."

"Bambo," adatero Ntchenzi, "a Nkhono adikira chaka chathunthu. Sangadikire kuti dzuwa lipendeke?"

"Mwamva? Mai amene tidawalirira amuna awo dzana lomweli."

A kumunsi adazyolika. Palibe chimene munthu wosauka amaopa ngati kunenedwa kuti sadziwa kulira anzake. Tsamba lidaikidwa panjira, makasu adatsamiritsidwa pamtengo, chigoba chidakulungidwa m'nsalu yatsopano, thobwa la dima lidamwedwa pasiwa. Nyimbo ija idaimbidwanso mokoka. Kabango, posadziwa kanthu, ankaithamangitsa yekha pakati pa anthu, akugunda kaphazi pansi, mpaka mai ake adamutseka pakamwa.

Pochoka, Njiri adatsalira m'mbuyo ngati akukonza chingwe cha mpando.

"Make Kabango," adanong'ona, "kwathu mitambo yayamba kusonkhana. Dziwe lija alitsegulanso. Katundu wanu musamaike pansi."

"Zikomo, achimwene."

"Ndi zokhazo zimene ndingathe."

"Ndamva."

Ntchenzi adadziwa chimene chatsala. Mvula yaikulu ikafika khoma lisadamangidwe pokhotera paja, nyumba yake ndiyo idzayambe kupita, ndi ana ake onse. Adasonkhanitsa amai a m'mudzi.

"Tikameta maliro a Nkhono, alendo aja aitanidwanso. Ulendo uno asapeze chakufa chilichonse."

Adasesa mudzi wonse. Adatola zigoba, mafupa a nsomba, mapiko a ngumbi, nyerere zouma, nakazikwirira ndi mwambo wake, kuti wina asadzanene kuti sizidaliridwe. Agogo odwaladwala adawaphikira phala, nawapempha kuti alimbe mtima mpaka dima lidutse. Thobwa lachitatu adafulula ndi chimanga cha mbewu.

Koma madzi aja adali atalowa m'zitsime. Kabango adayamba kutsegula m'mimba. Mai ake adamumwetsa zonse zimene ankadziwa, ndipo Nkhanu, mnansi wawo, adayenda ulendo wautali chammbali kukatunga madzi oyera ku kasupe. Sizidathandize. M'mawa wa tsiku la dima, nyimbo ya alendo ikumveka patali, Kabango adatsirizika ali pamiyendo pa mai ake.

Kulira kudakwera mpaka pakhosi. Ntchenzi adakumeza. Adamugoneka mwanayo pamphasa, adamufunditsa bwinobwino, nauza akulu ake kuti, "Mng'ono wanu wagona. Musalowe, mungamudzutse." Adatseka chitseko, adasamba kumaso, nasenza mtsuko wa thobwa.

Khwangwala adafika tsamba lili kale m'khwapa. Adatchera khutu, zii. Adapita kudzala, adapeza mosesedwa. Adatembenuza miyala, adasuzumira m'mphako, adafukula phulusa. Padalibe ngakhale phiko la ntchentche.

"Lero tigwira ntchito," adatero Katumbu mosangalala.

Makasu adayamba kugwa. Nyimbo idathamanga monga idapekedwera. Dothi lidayamba kukwera pokhotera paja, lidafika m'kakolo, likulowera m'maondo. A Njati adavula malaya. Ngakhale a Njovu adaimirira pampando, khasu lili m'manja, akuyang'ana matope, akuyang'ananso Khwangwala.

Khwangwala adakhala panthambi, mutu uli chopendeka. Maso ake adayenda pa anthu onse mpaka adaima pa Ntchenzi, amene ankatunga thobwa osaimba. Adatera pafupi naye.

"Thobwa lokoma, mai."

"Zikomo, bambo."

"Koma nyimbo yathu ikusowa kanthu lero. Kali kuti kamtsikana kaja kamatiphonyera mawu?"

"Kagona."

"Dzuwa lonseli? Ndi phokoso lonseli?"

"Kadatopa dzulo."

"Ana amatopadi," adatero Khwangwala. Adayang'ana chitseko chotseka, adayang'ananso Ntchenzi. Sadafunsenso kanthu. Khwangwala sankaumiriza munthu, ndiko kudali kuchenjera kwake.

Adangokhala pamlomo wa mtsuko, nayamba kuimba chapansipansi, moti amve Ntchenzi yekha. Idali nyimbo yomwe ija, koma yokoka, ya pasiwa. Ndipo pofika pa mawu amene Kabango ankaphonya, iyenso adawaphonya momwemo, ndi kamawu kaang'ono.

Ntchenzi adaluma mlomo mpaka magazi. Adasuntha ndi chikho kupita kwa olima. Khwangwala adamutsata akudumphadumpha, akuimbabe. Njiri adaona, adamvetsa, nayamba kuimba mokweza kwambiri ndi mawu ake oipawo kuti aphimbe. Nkhanu adathandizira. Koma Khwangwala adayandikira kukhutu, nabwereza malo omwe aja.

Chikho chidagwa. Ntchenzi adagwira kumutu, ndipo kulira kumene adakumeza m'mawa kudatuluka konse, dzina la mwana lili patsogolo.

Makasu adaima m'malere, kenaka adatsika limodzilimodzi. A Njovu adapuma mpweya wautali, nakhalanso pampando. Khwangwala adasolola tsamba m'khwapa, adaliwongola, nakaliika panjira.

"Pepani, mai," adatero. "Mukadanena msanga. Taonani mwalimitsa mafumu pamaliro."

Nkhanu adamukumbatira Ntchenzi ndi dzanja lake lalikulu lija, mosamala kuti asamupweteke.

"Tsono tikufuna adzukulu," adalengeza Khwangwala. "Akhale osakhala abale, monga mwa mwambo."

Njiri adatsogola. Pambuyo pake padabwera Nungu wa kumtunda ndi Mfuko wa dziko la pakati, anthu wamba amene pamisonkhano ankakhala kunja kwa bwalo. Njiri adagwada pamaso pa namfedwa.

"Make Kabango, tikumbe pati?"

Ntchenzi adakweza mutu. Adayang'ana nthawi yaitali pamene makasu adalekezera. Kenaka adaloza pokhotera paja.

"Kumanda ndi uko, mai," adatero Katumbu.

"Manda adapita ndi madzi chaka chatha, a nduna. Inu mudasambira pamwamba pake. Mwana wanga agone apo, ndizimuona ndili pakhonde."

Onse adayang'ana Khwangwala. Iye adapendeketsa mutu uku ndi uku, diso likuwala.

"Mwambo suletsa," adatero.

Adzukulu adakumba. Dzenje lidali laling'ono, moti Njiri adachita kugwada kuti khasu lifike bwino. Adamuika Kabango, adakwirira, nayamba kuunda mtumbira. Udakwana msinkhu wa manda a mwana, iwo osaleka. Udakwana wa munthu wamkulu, iwo osaleka. Mfuko ankafukula, Nungu ankatuta, Njiri ankatsendera ali chigwadire. Mtumbira udatalika kutsata gombe, nukwera kupitirira mutu wa Njiri.

"Adzukulu," adatero a Njati, "kamwana kakang'ono, mtumbira wonsewo?"

"Dothi la kuno limatitimira, bwana," adayankha Njiri osatembenuka. "Tikapanda kuonjezera, mawa apeza dzenje."

Sadaleke mpaka dzuwa lidapendeka. Ena onse adakhala pasiwa, akumwa thobwa la chimanga cha mbewu, akuimba za womwa kumtunda ndi womwa kumunsi.

Nthawi yotsazika itakwana, Khwangwala adanong'oneza a Njovu. Adayalitsa mphasa kuchokera pampando mpaka pamtumbira kuti mapazi a mfumu asade. A Njovu adayenda pamphasapo, adaima pafupi ndi manda, natsamiritsa khasu lawo louma padothi.

"Maiko atatu, taonani," adatero Khwangwala atatambasula mapiko. "Wa kumtunda wakumba, wa pakati wafukula, wa kumunsi wapereka malo. Ena ankati mgwirizano wathu ndi wapakamwa. Khoma ndi ili layamba."

Adaomba m'manja. Katumbu nayenso adaomba, poti alendo ankamuyang'ana. Njiri adakanyamula mpando, ndipo podutsa pakhonde la Ntchenzi adasiya khasu lake pakhomo ngati waliiwala.

Mvula yaikulu idabwera. Kumtunda adatsegula dziwe. Madzi adafika pokhotera paja, adagunda mtumbira wa Kabango, adazungulirazungulira, nakhota. Nyumba ya Ntchenzi idatsala, ndi ana ake otsala ali m'katimo. Madziwo adakalowera pamene mtumbira udathera, pakhomo pa Mbewa, natenga mwamuna wake.

Alendo adabweranso ndi lichero la ufa. Tsamba lidaikidwa panjira. Njiri adagwada pamaso pa mkazi wa Mbewa nafunsa funso lomwe lija. Maiyo adayang'ana Ntchenzi, Ntchenzi adayang'ana pansi. Kenaka mkazi wa Mbewa adaloza pamene mtumbira wa Kabango udathera.

"Apo. Alumikize."

Chaka chotsatira maliro adali kwa a Chule. Chinacho kudali kwa Nkhanu, yemwe uja ankatunga madzi oyera, ndipo Ntchenzi ndiye adamusambitsa. Dima la kumunsi silidachitikepo mpaka lero, chifukwa sikudapezeke tsiku limene kumunsi kudalibe maliro. Koma khoma likutalika ndithu, mtumbira kulumikiza mtumbira, ndipo a kumunsi amadziwa dzina la phazi lililonse la khomalo.

Msonkhano wa maiko atatu umachitikabe chaka ndi chaka. Khwangwala amaimirira nanena kuti ntchito ikuyenda bwino, khoma lakula kuposa chaka chatha, ndipo amanena zoona. Wina akafunsa za mauvuni, a Njovu amagwedeza khutu, ndipo onse amaomba m'manja. Pobooka pa nkhokwe paja sipadamatidwe.

Ntchenzi adaleka kupita kumisonkhano. Adadzala udzu pamtumbira wa mwana wake kuti dothi ligwirane, kenaka pa wa Mbewa, kenaka pa yonse, ndi khasu lija la Njiri. N'chifukwa chake mukamufuna mumamupeza m'udzu wa m'mbali mwa mtsinje, ali duu, ndipo simudzamumva akuimba. Njiri amagwadabe akamakumba, ngakhale palibe womuona. Khwangwala akatera padenga panu amayamba wapendeketsa mutu, kutchera khutu ngati m'nyumbamo muli amene akumeza kulira. Kolala yake sidagwerepo dontho la matope.

Mbatata tidaika pamoto ija yapserera ife tili chikhalire. Kaphuleni, mugawane yomweyo, ndipo wam'ng'ono ayambe ndiye.